Zikomo wa achimwene anu

Okondedwa alamu,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Kuno tilipo. Lero ndi tsiku la khumi ndi chimodzi chitulukire achimwene anu m'chipatala. Akumadya masipuni asanu okha, kenako n'kutseka pakamwa.

Sitiroko ija inawasiyira mawu amodzi basi: zikomo. Dzulo anawanena kakhumi ndi kanayi. Namwino wobwera kudzawaona anaseka, amvekere, "Mayi, munakwatiwa ndi munthu waulemu. Ndawabaya jakisoni, akundithokoza."

Ine sindinaseke. Zaka makumi atatu ndinaphunzitsa ana a eni kuti mawuwa timanena pothokoza, komanso popempha njira kuti tidutse. Ndafufuza m'mabuku anga atatu akale komwe anachokera, kuti mwina ndidziwe tanthauzo lomwe linayamba, koma sindinapeze.

Pa maulendo khumi ndi anayi aja, anayi okha ndi amene ankayang'ana ine. Enawo ankayang'ana kukhomo, komwe kunalibe munthu.

Munalemba kuti mudzabwera ana akatsekera sukulu. Kwatsala masabata asanu ndi limodzi. Ndawerenga kawiri, alamu, ndipo achuluka.

Ndine mlamu wanu.