Mizu ya chimanga changa

Lachitatu, Febuluwale, Kabwata. Tsiku lolemetsa mtima.

Mvula sinabwerebe. M'mawa ndinaima pamzere wa ufa kusitolo ya boma, ndinabwerako chimanjamanja. Masana ndinazula phesi limodzi la chimanga changa kuseli kwa nyumba. Linazuka mosavuta ngati udzu. Mizu yake ndi yaifupi, yotupa kunsonga, yakuda ngati yapsa.

Chimanga cha aneba athu, ba Mulenga, chafota masamba koma chidakali chilili, chonsecho watilekanitsa ndi mpanda wokha. Ndinawaonetsa phesilo. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Amake Tisa, ichi si chilala chabe," anatero. "Kwathu ku migodi nthaka ya poizoni imachita so. Mizu siingena pansi kusakila madzi. Mvula ikagwa bwino simungadziwe, koma chilala chikabwela chimanga chimafa msanga. Apa panali chani kudala?"

Mumtima ndinadziwa zomwe zinkachitika pamalopo kale. Ndi pomwe malemu bambo ake Tisa ankaswera mabatire akale a galimoto, n'kusungunula mtovu wogulitsa. Madzi a m'mabatirewo ankawathira pansi pomwepo. Ntchito imeneyo ndiyo inkatidyetsa.

Za chimanga ndavomereza. Chikundisowetsa mtendere ndi mwana wanga. Tisa wakhala akusewera pamenepo kuyambira akukwawa, ndipo ndinkamuchotsa dothi m'kamwa uku ndikuseka. Madzulo ano ndamuletsa kupita kuseli. Wandifunsa chifukwa, ndangoti kuli njoka.

Mawa ndipita naye kukiliniki. Koma ndikawauza chiyani, poti mwanayo akudya, akuthamanga...