Jekiseni wa ku Njanji

Kafue,
14 Juni

Okondedwa achimwene a Lastone,

Muli bwanji ku Solwezi, pamodzi ndi alamu anga ndi ana? Kuno tilipo, koma ine ndatopa mpaka m'mafupa. Foni yanu sikulowa, n'chifukwa chake ndapatsira kalatayi dalaivala wa basi.

Atate adwala chibayo. Lero ndi tsiku lachinayi ali m'chipatala, ndipo nshima imene ndimawatengera imabwerera osaikhudza.

Adokotala, ba Audrey, akufuna kuwabaya jekiseni wotchedwa sefutiriyakisoni, amene akuti amapha tizilombo tamitundu yambiri. Koma poyamba anandifunsa ngati pali mankhwala amene thupi la atate limakana. Ndinati alipo, jekiseni wa ku njanji uja, amene anawabaya kuchipatala cha kampani ya njanji akugwirabe ntchito kumeneko, n'kuwatupitsa nkhope ndi kuwatseka pakhosi. Anafunsa dzina lake. Ndinawauza kuti sindikulidziwa. Zaka zonsezi pakhomo pathu timangoti "wa ku njanji," ngati ndilo dzina!

Anandifotokozera kuti mankhwala nawonso ali ndi mabanja. Sefutiriyakisoniyu ndi msuweni wa penisilini. Ngati amene anawatupitsa uja anali wa mtundu umenewo, ayenera kusamala kwambiri. Pakali pano akuwapatsa ena, koma chifuwa sichikumva. Anandituma kukatenga khadi lawo lakale la kuchipatala.

Achimwene, apa ndi pamene dzanja likundilemera. Makhadi aja kulibe. Chaka chatha kutchalitchi kwathu anatiuza kuti tisamasunge mapepala a matenda m'nyumba, akuti amaitana matenda ena. Ndinatsegula sutikesi ya malemu amayi, n'kutenga onse, n'kukawatentha kuseri kwa chimbudzi, ndikuimba nyimbo. Amayi anawasunga zaka makumi awiri m'pulasitiki ya shuga. Ine ndinawamaliza ndi machesi amodzi.

Musandikalipire tsopano, mudzachita mukabwera. Inu ndinu munawanyamula atate pa njinga tsiku limene anatupa lija, ndipo munamva zimene nesi ananena. Khalani pansi mukumbukire. Ngakhale chiyambi chokha cha dzinalo, ba Audrey akuti chithandiza. Mubwereke foni mundiimbire.

Dzulo atate, akupuma movutika, anandiuza kuti ndisavutike mtima, zonse zinalembedwa pa khadi la mu sutikesi. Ndinawayankha kuti ndikaliyang'ana.

Mulungu akusungeni. Moni kwa alamu, kwa Mapalo ndi kwa Fridah wamng'ono.

Ndine mlongo wanu wotopa,
Eunice