Laisensi ya Malemu Achimwene

Achemwali,

Kaya inu kumeneko, ife kuno ku Nguludi tili bwino, amayi miyendo yokha.

Galimoto ija ndinagunditsa pamtengo ndili ndi amayi, koma sitinavulale. A inshuwalansi akukana kukonzetsa. Kwa iwo mlamu wanu analembetsa dzina langa laubatizo, Pio, pomwe laisensi ikuti Fabiano, dzina la malemu achimwene lomwe ndinabwerezera Sitandade 8 mpaka kutengera digiri.

Wapolisi atafunsa kuti, "A Fabiano ndi ati?" ndinayankha, "Ndine." Amayi anasuzumira kumbuyo kwanga. Chichokereni tsikulo sanditchulanso dzina lililonse.

A inshuwalansi akuti ndikalumbire kuti Pio ndi Fabiano ndi munthu mmodzi. Ophunzirafe timanama bwino, koma bodza ili likundikanika.

Muwaimbire amayi, mundifunsireko kuti kumanda kuja anaika uti.

Ambuye akusungeni.

Mlongo wanu,
Pio