Amayi, Kuno Amadziwa Kuti Munamwalira

Xalapa, Mexico
20 Okutobala

Okondedwa Amayi,

Choyamba ndimve za moyo wanu. Bondo lija likukulolanibe kupalasa makina osokera? Nanga pamene anakuchitani opaleshoni chaka chatha paja sipakupwetekanso kukazizira? Ine thupi lili bwino, ndanenepa mpaka siketi yakuda munandisokera ija siikumangikanso. Koma mtima ndiye ayi, n'chifukwa chake ndalemba kalata m'malo moimba foni. Ndauza achimwene a Efraín kuti akuwerengereni mutakhala pansi, ndipo asadumphe mawu ngakhale amodzi monga amachitira ndi mapepala a kuchipatala.

Sukulu ikuyenda. Ochokera kunja tilipo asanu ndi mmodzi, ndipo tayamba kuzolowera. Timalowa m'chipinda choyeserera masewero 7 koloko, opanda nsapato, n'kuyamba takolopa pansi tokha, chifukwa aphunzitsi athu a Gildardo amati wosadziwa kukolopa siteji asaipondenso. Mvula yowaza ndi ya tsiku lililonse, zovala zimatha masiku atatu pachingwe. Tsabola ndasiya kulimbana naye, amuika ngakhale pa mango. Mnzanga Brisa, wa ku Argentina, amandiseka kuti ife a ku Pasto, kwathu ku Colombia, timalankhula ngati tikupepesa mlandu umene sitinapalamule. Akanadziwa kuti wanga ndinapalamuladi.

Mwandifunsa kawiri chifukwa chake foni yanu ndimayankhira pamsewu, magalimoto akulira, ndiponso chifukwa chake sindinakuonetseni chipinda changa. Ndinati m'nyumba netiweki imavuta. Netiweki ilibe mlandu, Amayi, ndinakunamizani.

Sabata yoyamba, tidakali ku hositelo, a Gildardo anatipatsa ntchito. Aliyense alowe mumzinda tsiku lathunthu atavala moyo wa munthu wina, acheze ndi anthu osamudziwa mpaka amukhulupirire. Lamulo linali limodzi, loti munthu wamuvalayo usamuvule mpaka utasiyana ndi amene ukulankhula naye. Brisa anamanga pilo pamimba nakapatsidwa mpando m'basi. Wina wa ku Chile anagulitsa maambulera pamsika. Ine ndi matama angawa ndinati zimenezo n'zachibwana, ine ndichita yoliza anthu. Ndinasankha kukhala mwana wamasiye.

Tsiku lomwelo ndinali ndi adiresi ya nyumba ina yomwe inali ndi chipinda cha lendi. Inali kutali ndi sukulu, ndiye ndinadziwa kuti sindichitenga, ndingoyesererapo ntchito yanga n'kumapita. Ananditsegulira mayi wachikulire, a Herlinda, wamfupi ngati inu, epuloni ili mbuu ndi ufa. Atandithirira khofi anandifunsa kuti mayi anga akuti bwanji ponditaya kutali chonchi.

Kusukulu amatiphunzitsa kuti misozi ya pasiteji siichita kufinyidwa, umakaitunga pa chinthu chimene chinakuchitikiradi. Ine ndinakatunga pakhonde la chipatala paja, pamene ine ndi a Efraín tinadikira maola asanu inu muli mkati. Ndinawafotokozera zonse mmene zinalili, benchi lozizira lija, nsapato zanu zili m'pepala la pulasitiki pamiyendo panga. Ndinangosintha chinthu chimodzi, mawu amene adokotala ananena atatuluka.

Ndinalira zenizeni, kulira kumene ndinakubisirani nthawi imeneyo. Ndili mkati molira ndinkadziuza mumtima kuti eya, Yamile, wakhoza. Nditatukula maso ndinapeza a Herlinda akuvula kiyi yemwe anali pakachingwe m'khosi mwawo. Sanatsegule chipinda cha lendi chija. Anatsegula china, cha mwana wawo mmodzi yekhayo, Leticia, amene anamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo ali wamsinkhu wanga. Bedi linali loyala, nsapato zake zili pansi pake. Anandigwira dzanja n'kunena kuti:

“Mulungu sasokoneza, mwana wanga. Iwe ulibe mayi, ine ndilibe mwana. Pita ukatenge katundu wako.”

Ndikanati chiyani? Lamulo linati mpaka musiyane, ndipo ife sitinasiyane. Ino ndi sabata yachisanu ndi chinayi ndikugona pabedi la Leticia.

Nditakafotokoza m'kalasi, osatchula zoti ndasamukira komweko, a Gildardo amene sayamikira munthu anandiombera m'manja. Patapita mwezi ndinawatsata pawokha n'kuwauza zonse. Iwo anati ntchito yawo inatha tsiku lomwe lija dzuwa litalowa, zotsalazi si sewero koma bodza, ndipo mwini wake ndine. Brisa iye amangoti ndipirire mpaka Disembala, ndikwere ndege, nkhani ithere pomwepo. Akandiona pakhomo la kalasi amati wamasiye wafika, mupatseni mpando. Poyamba ndinkaseka nawo, pano ndimangofuna kumuponyera nsapato.

Ndayesa katatu kuwauza a Herlinda. Ulendo woyamba ndinawapeza akundilukira juzi, nandiimika kuti andiyeze mikono. Wachiwiri anayamba ndi iwo kundiuza kuti kuyambira pamene ndinabwera asiya kumwa mapilisi ogonetsa. Wachitatu ndinafika mpaka pa mawu oti pali chimene ndikufuna kukuuzani chokhudza mayi anga, iwo n'kunditseka pakamwa ndi dzanja, ati ndisadzitukule chilonda, akudziwa. Msewu wonse ukundidziwa. Mayi wogulitsa tortilla, mikate yopyapyala ya chimanga, amandiwonjezera iwiri n'kundisisita tsaya. Kulikonse kumene ndingaponde ndimapeza chifundo chondidikira, ndipo ndilibe pothawira. Ndimalowa m'nyumba mwa anthu abwino ngati wakuba, n'kudya chakudya cha mwana wina amene kulibe.

Tsono kumapeto kwa mwezi uno kukuyamba masiku a akufa, pamene anthu kuno amakonzera abale awo omwalira tebulo la zithunzi ndi chakudya. A Herlinda atulutsa kale tebulo pabalaza, aitanitsa maluwa achikasu ndi makandulo. Lachinayi anandipempha chithunzi chanu chimene ndimasunga pafupi ndi bedi, chija munavala bulauzi ya buluu pa ukwati wa a Efraín. Achigulira felemu ndipo achiimika pakabati pafupi ndi cha Leticia, kudikira tsiku lokweza onse patebulo. Anandifunsa chakudya chimene munkakonda, ati akufa amafika ndi njala chifukwa ulendo wawo ndi wautali. Ndinati mbira yowotcha. Anaseka mpaka kukhosomola, ati kuno mbira ndi zoseweretsa ana, mayi ako andikhululukire, adya tamales, phala lolimba la chimanga lophikidwa m'masamba, ngati anzawo.

Dzulo titatuluka mu Misa ananditengera ku ofesi ya parishi, kumene amalembetsa maina oti adzawerengedwe pa 2 Novembala. Analemba la Leticia ndi la malemu amuna awo, n'kundipatsira cholembera. Panali mzere wa anthu kumbuyo kwathu. Ndinalemba dzina lanu, Clemencia Burbano, ndi dzanja langa lomweli, zilembo zimene munandiphunzitsa inu patebulo la makina. Foni yanu yamadzulo ija, imene munkandifunsa ngati ndikuvala zofunda, ndinaiyankhira kuseri kwa sitolo ya mankhwala.

Ndikudziwa kuti madzi akatayika saoleka. Sindikupempha kuti mundimvetse, chifukwa nanenso sindikudzimvetsa. Mwina a Herlinda andithamangitsa, ndipo adzakhala atachita bwino, Brisa wati pansi m'chipinda mwake muli malo. Chimene chikundiopsa ndi nkhope yawo, kuti ndiwalande mwana kachiwiri. Koma sindingalole kuti dzina lanu liwerengedwe pakati pa akufa inu muli pa makina kusoka mayunifolomu a ana a eni.

Pempho langa ndi limodzi. Lamlungu likubwerali, ikamakwana 11 koloko kwanuko, kuno idzakhala 10, ndipo ine ndi a Herlinda tidzakhala patebulo kumwa khofi. Mundiimbire foni yoonana nkhope. Ndidzaiika patebulo pakati pathu, ndipo ulendo uno sindidzatuluka nayo panja. Ikapanda kuyankhidwa muimbenso, musasiye, chifukwa mwana wanu mukumudziwa, pandekha ndidzalepheranso kachinayi. Kuyankhula ndidzayankhula ndine, inu mudzangokhalapo. Mukafuna kundikalipira mudzandikalipire pamaso pawo, ndipo pambuyo pake muwathokoze, chifukwa andisamala ngati mmene mukanachitira inu.

Muvale bulauzi ya buluu ija, kuti akuzindikireni.

Moni kwa achimwene a Efraín ndi alamu anga a Marleny, ndipo achimwene, mukamaliza kuwerenga musachoke msanga, khalani nawo Amayi pang'ono. Moni kwa amalume a Segundo ndi ana awo onse. Azakhali a Zoila muwapatse moni wokhawokha, nkhaniyi ikawafika mawa lake Pasto yense abwera kudzakhuza maliro.

Ndine mwana wanu amene ali ndi mayi,

Yamile