Kiyi wa kuchipinda kwanu

Amayi, kodi zikukuyenderani bwanji kumeneko?

Kuno chisanu chayamba msanga. Kachewere tinakumba wambiri ndithu, ndipo mng'ono wanga Agnesi anabereka mwana wamkazi, mphuno ngati yanu.

Koma ine ndili ndi mantha, Amayi. Ndi za Yohane, mzime wanu. Chimwalirireni inu sakudya bwino, kwaya anasiya, tomato wake anangoumira kudimba. Ndinakalipa mpaka mawu kusasa, mukundidziwa, koma sizinathandize.

Ndinapita naye kuchipatala chathu chaching'ono chija. Atamufunsa anati mutu, monga timanenera tonse zinthu zikatikulira. Ine ndinkayembekeza panado. Koma masiku ano kuli namwino woona za matenda a maganizo, khomo lake loyandikana ndi la adokotala. Benchi ndi imodzimodzi ndi odwala malungo, palibe angakuloze chala. Adokotala anamulowetsa mmenemo tsiku lomwelo. Ndinakumbuka amalume aja anawamanga zingwe kupita nawo ku Zomba, inu n'kumatiuza kuti, "Za m'nyumba muno musakanene kuchitsime."

Yohane sanamumange. Anangocheza naye, nthawi yaitali. Kenako, Yohaneyo atavomera, namwinoyo anandiitana n'kundiuza kuti mwana wanu wakhala akuganiza zokutsatirani. Anati mankhwala opopera tomato ndiwachotse pamene angawafikire.

Ndinawatsekera kuchipinda kwanu, mumtsuko wanu uja, chifukwa Yohane sanapondemo chichitikire maliro. Koma dzulo anandipempha kiyi. Akuti akufuna kuyambiranso dimba. Mwina akuchira, mwina ayi. Ine sindikudziwa, ndipo mtima wanga suli m'malo.

Kiyi ndamumangirira pa kolona yanu, ili m'khosi mwangamu. Dimbalo alime, kupopera ndizipopera ndekha. Mawa m'mawa ndibwerera naye kwa namwino uja, ndipo ndikanena zonse, za kiyi, ngakhale za amalume zomwe. Mundikhululukire, za m'nyumba muno ndikazitulutsa.

Ndikudziwa kuti munkamukonda kuposa tonsefe, sindikudandaula. Koma musamuitane, Amayi. Mukamuona akubwera, mumubweze, ngati mmene munkachitira ali wamng'ono akamakutsatirani kumsika ku Linthipe. Kuno ndikulonjeza kuti ndimugwira dzanja, sindimutaya.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Rozina