Yadi Imodzi Yotsala

Amayi, ndiyambe ndi kukufunsani: muli bwanji kumeneko? Ife tilipo kuno ku Glasgow, mvula ndi yomwe ija munkaidandaula mutabwera kudzationa. Mpongozi wanu, mkazi wa achimwene, anachira mu Epulo, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Kadimba kanga ka ku Dennistoun kandipatsa kachewere wambiri, koma nkhwani wonse zinadya nkhono.

Mpira wachimereka uja munkati ukufanana ndi papaya sindinausiye. Bondo linandiletsa kusewera, ndiye timu yathu ya azimayi ya ku Easterhouse inandipatsa ntchito yoima kunja kwa mzere n'kumawasankhira chochita, kaya kuthamanga nawo mpira kapena kuuponya. Timu imayesa kanayi kuti isunthe mayadi khumi. Ikalephera, mpira umapita kwa anzathu tikulimbana nawowo.

Mwezi watha tinkatsogola ndi mapointi anayi, kutatsala mphindi ziwiri. Ndinakumbukira mawu anu a kuchitsime aja, akuti wadzaza ndowa sathamanga. Ndinawauza kuti aukumbatire mpira, angotha nthawi. Katatu konse anatitsekera njira, kachinayi tinaumenyera kutali kuti anzathuwo akayambire patali. Anzathuwo anautola n'kudzagoletsa. Morag, amene amatiponyera mpira, anavula chisoti n'kundiyang'ana. "Tadala, watigonjetsa ndiwe. Sunatikhulupirire." Zinandipweteka, Amayi, chifukwa sankanama. Ndinabisala kumbuyo kwa mawu anu, chikhalirecho anali mantha.

Loweruka lapitali zinabweranso. Tinkatsogola ndi mapointi atatu, nthawi yatsala pang'ono, tayesa kale katatu, kwatsala yadi imodzi yokha kuti tikwanitse khumi aja. A Gordon, kochi wamkulu, anandinong'oneza kuti, "Menyetsa kutali, tidziteteze." Koma ine ndinaona kuti anzathuwo aunjikana onse kutsogolo, kumbuyo kwawo kuli mbee. Ndinakumbukiranso kuti inu nomwe, muli pabenchi lanu mumsika wa Limbe, munkati tomato wosungidwa amaolera m'dengu. Ndinakweza dzanja kuti Morag aponye.

Anaponya bwino, Amayi, sindinamuonepo akuponya choncho. Mpira unafika m'manja mwa mnzake Fiona, amene anali yekhayekha, koma unali wonyowa, unaterereka n'kugwa pansi. Anzathuwo anautenga pomwepo n'kukagoletsa. Tinagonjanso.

Lachiwiri pokonzekera masewero a Gordon ananena kuti ntchito yosankhayi aitenga okha. Azimayi aja anangokhala pa udzu, zisoti zili m'manja, osafuna kuyamba. Fiona ndiye anaimirira. "Wagwetsa mpira ndine," anatero. "Tadala anasankha bwino. Mukamuchotsa, muchotsenso ine." A Gordon anakanda mutu kwa nthawi, kenako anandipatsa masewero amodzi oti ndisankhenso ine. Ndi otsiriza chaka chino, ndipo tikagonja titsika m'gulu la pansi.

Sabata ino ndikumatuluka kuntchito n'kuthamangira sitima ya ku Easterhouse nditanyamula chidebe. Mpira uliwonse ndikumayamba ndauviika m'madzi ndisanaupereke kwa Morag. Dzulo Fiona anawakha yonse kupatula umodzi, zala zili zofiira ndi kuzizira, ndipo anakana kupita kwawo mpaka atabwereza umenewo.

Sindingakulonjezeni kuti tipambana. Chimene ndikulonjeza n'chakuti Loweruka tikadzatsogola ndidzayang'ana bwalo, osati wotchi yokha. Pofunika kuthamanga tidzathamanga, pofunika kuponya tidzaponya, ndipo zikadzavuta ndidzaima pamaso pa azimayi aja n'kunena kuti ndinasankha ndine.

Ndimakukondani, Amayi, lero ngati kale.

Ndine mwana wanu,
Tadala