Anatiyesa a Chipani Chakale

Loweruka, mwezi wa Okutobala. Tsiku loipa.

Ndimaphunzitsa amayi asanu ndi atatu amene adzipereka kutsogolera magulu a atsikana. Tinali pabwalo la sukulu ku Mitundu, tikuyeserera perete. Amuna ochokera kumsika ataona yunifomu ndi kumva wezulo, anatiyesa achinyamata a chipani chakale, aja ankatseka misika pofuna makadi.

"Mwayambanso? Zimenezo tinazikana pavoti!"

Miyala inayamba kugwa. Mayi Nabanda a ku Nathenje anakweza manja, amvekere, "Abambo, ifetu tikuphunzirira ana anu omwe!" Mwala unawang'amba pachipumi, magazi mpaka pasikafu.

Sindikudziwa kuti ndodo ya mbendera ndinaitola liti. Woponya mwalayo ndinam'menya nayo pakamwa kawiri, kachitatu atagwa kale. Amayiwo ndiwo anandikoka malaya.

Mayi Nabanda awasoka kuchipatala. Atandiona anati, "Aphunzitsi, atsikana tikawauze kuti mtsogoleri amatero?"

Kaya Lolemba ndikaima bwanji pamaso pawo.

Apolisi sindikuwaopa. Chikundiopsa n'chakuti chimwalirire mkazi wanga, lero lokha ndi pamene mtima unapepuka, ndipo unapepukira pa ndodo yachitatuyo.